Chigamba cha Tulo

Matiresi athu anatopa kalekale.
Pakati pake panakumbika chigwa,
ndipo usiku uliwonse ine ndi Asiyatu
tinkagubudukiramo ngati mandimu m'beseni,
nthiti zikuwerenga matabwa a bedi.

Kugula atsopano? Makina anga osokera angaseke.
Ndiye Loweruka ndinawoloka mlatho wa Shire
kukafuna kasiponji koyala pamwamba,
poti zigamba ndiye ntchito yanga.

Che Witika anandiyalira titatu pakhonde la shopu.
"Musafunse maso, a telala, funsani msana."
Koyamba kanali kofewa ngati lonjezo la wangongole:
ndinadinikiza chala, dzenje osabwerera.
Kachiwiri kokutidwa ndi pulasitiki;
ndi chitungu cha Okutobala kuno ku Mangochi
munthu angadzuke atawira ngati chinangwa.
Kachitatu, kokhuthala zala zinayi,
kanandikankha pang'ono, mwaulemu,
monga mnzako wokuuza zoona.
Ndinagona pomwepo, nsapato kuphazi,
akabaza akundiseka pamsewu.

Tinakamanga ndi linya pakaliyala.

Tsopano msana wasiya kundilalatira m'mawa,
ndimapinda mipendero mpaka mzikiti uitane madzulo.
Koma chigwa chija chinakwiririka.
Asiyatu amagona kwake, kukhoma,
ine kwanga, kumphepete,
pakati pathu bwalo losalala
loti ngakhale mphaka angadutse osatikhudza.

Dzulo pakati pa usiku, magetsi atathima,
ndinamva chigongono chikundifufuza mumdima.
"Tasenderani kuno," anatero.
"Ndalama zanu zija zagula tulo, inde,
koma zandibera munthu."