Maina pa Nsalu

Khirisimasi yathu inkagulidwa mu Juni,
fodya atangogulitsidwa ku Chinkhoma,
ndalama isanadziwe njira ya kumowa.
Amayi ankagula mpunga, shuga, ndi ulusi wofiira,
n'kutsekera zonse m'bokosi la pansi pa bedi,
kiyi n'kumangirira ku mkanda wa m'chiuno.
Njala ya Disembala inkafika, kununkhiza,
n'kubwerera.

Tebulo tinalibe.
M'mawa wa tsikulo atate ankazula chitseko
n'kuchigoneka pa njerwa,
nyumba n'kutsala kukamwa yasa.
"Lero palibe kuodira," ankatero,
akupukuta dzimbiri m'manja.

Pamwamba pake nsalu ija:
matumba awiri a ufa wa tirigu olumikiza,
ochapidwa ku Bua mpaka dzina la kampani linathawa.
Lamulo linali limodzi:
wadyapo, dzina lake lisokedwepo.
Akabweranso chaka china, mfundo pambali pake.

Amayi sukulu sanaiponde.
Ine ndinkalemba ndi pensulo,
iwo n'kulondola ndi singano pa koloboyi,
alendo atapita, mbale zili mbwee.
Chaka chimene S wanga ankayang'ana kumbuyo
anamusoka choncho.
Azakhali a Esinati mpaka lero
akali kucheukira kwawo ku Santhe.

Alipo Gelesomu wa njinga yothyoka masipoko,
amene anangousa mvula pakhonde
koma anadya ntchafu yonse ya nkhuku.
Alipo Zelipa, anabwera ndi mwana kumbuyo,
diso lotupa, osanena kanthu,
ifenso osafunsa kanthu.
Kapitawo wa pa esiteti alipo,
yemwe uja ankatibera pa sikelo.
Amayi anamusoka ndithu,
koma kumphepete kwenikweni,
komwe kumadonthera msuzi.

Layitoni, mkulu wanga, mfundo khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Kenako basi ya ku Joni.
Pambali pa dzina lake patsala malo oyera
okwana chikhatho;
palibe mlendo waloledwa kusokedwapo.

Lero tili pa boma, ku Kasungu kuno.
Tebulo ndi lagalasi, zakumwa zikuzizira m'firiji,
magetsi akathima ana amadandaula.
Mkazi wanga anagula nsalu yamaluwa ku shopu
koma waipinda yekha, osauzidwa,
ataona Amayi akufutukula chitenje pamiyendo.

Maso awo anachita ng'ala zaka zitatu zapitazo.
Akuyendetsa chala pa ulusi, pang'onopang'ono,
ngati wofufuza mbozi kunsi kwa tsamba la fodya.
"Uyu ndi Gelesomu," akutero. "Wa ntchafu uja."
Chala chikupitirira.
Chalumpha kapitawo.
Chaima pa atate, chawerenga mfundo zonse,
chabwerera, chawerenganso.
Munthu wosaponda sukulu
akutiwerengera mumdima, osaphonya,
ife a masatifiketi tili chete,
mpunga ukuzizira.

"Chitseko mwazula?"

Chitseko chathu n'chachitsulo, Amayi,
anachita kuwotcherera.
Ndatuluka m'mvula, ndatola njerwa kuseri kwa bafa,
ndachitchinjiriza kuti chisatsekeke.
Mphepo yalowa, yagwetsa maluwa a mapepala
amene Tiyese anadula m'makope akale.

Pageti paima mnyamata wogulitsa bowa,
beseni pamutu, malaya atamatirira kumsana.
Si Layitoni. Ndayang'ana kawiri.
Akuti angousa pang'ono, akupita ku Chamama,
sakufuna kudetsa simenti.
Amayi amva mawu achilendo,
asunthira kale pampando.

Tiyese wathamangira pensulo.
"Dzina lako ndani? Umalemba bwanji?"
Mnyamata akuseka, mpunga uli m'kamwa.

Usiku uno singano ili m'manja mwanga.
Ulusi wakana kulowa kanayi.
Ndadzibaya, kadontho kagwera pa chilembo choyamba,
mwayi wake n'kofiira komweko.
Amayi agwira kumapeto kwa nsalu,
akukoka pang'ono ngati wowongolera ng'ombe pangolo:
"Usathinitse.
Usiye malo a mfundo."