Khutu la Kumanzere

Galimoto yanga ndi nyumba:
bedi kumbuyo, sitovu ya gasi, makatani a chitenje chobiriwira.
Ndinaigula kwa mlimi wina wa ku Makeni ndi ndalama za penshoni.
Anzanga akuwunjika njerwa ku Chalala,
ine ndikuwerenga mateyala.
Ili ndi makutu awiri aatali ngati a bulu,
ndipo Lusaka sakonda chinthu chotulukira kunja.

Lachiwiri lija pa msewu wa Lumumba,
pafupi ndi msika wa Soweto, pamene wilibala sapatukira munthu,
minibasi inabwera chammbali ngati nkhanu.
Phwaa!
Kondakitala, ali lende pachitseko, anangoti, "Pepani mdala,"
n'kupita ndi fumbi lake.
Khutu la kumanzere linatsala likulendewera pa waya umodzi,
ndipo pansi, m'tizidutswa tosawerengeka,
thambo linali mbwee pa phula.

Sindinatukwane.
Ndinacheukira mpando wopanda munthu.

Zaka zisanu ndi chimodzi ntchito imeneyo inali ya Velenasi.
Tikamalowa pothina, ndisanatsegule n'komwe pakamwa,
ankatsitsa windo, kutulutsa mkono wa chibangili chamkuwa uja,
n'kulipinda galasi ngati akutseka buku la nyimbo.
Tikadutsa ankalitambasula,
koma ayambe wakonzerapo duku lake,
kenako n'kundibwezera msewu.
Pa geti la mlongo wake ku Kabwata,
pakati pa malole ogona pamzere ku Chirundu,
m'tinjira ta ku Mtendere momwe mipanda imapsompsonana,
galasi silinakalikepo ngakhale kamodzi.
Ine n'kumadzitama ku tchalitchi
kuti pachiwongolero palibe wondiposa.

Ku Kalingalinga, kumene mageti ndi mabedi
amamera m'mbali mwa msewu ngati chimanga,
ndinapeza Yotamu, magalasi akuda ali pamphumi.
Ndinati, "Ndiwotcherere khola lachitsulo,
lolimba, loti minibasi ikagunda ilire ndiyo."
Anaseka, nalavula kamtengo ka machesi.
"Mdala, khola ndimanga, ndalama yanu ndidya.
Koma tsiku logundidwa galasi lidzapulumuka,
chitseko chonse n'kuzuka.
Nkhonya siisowa, imangosamukira pena."

Ndiye anachita zake.
Anatenga galasi la salaula, la lole ina yakufa kalekale,
naliveka chigoba chodula ku mgolo wabuluu,
mphira wa chubu pakati kuti uzimeza kugunda,
tepi yofiira yowala usiku kunja kwake
kuti ngakhale woledzera wa ku Chawama alione patali.
Bawuti wa pamfundo anamumasula pang'ono, napaka girisi,
nalikankha ndi chala chimodzi.
Linagonja.
Analikoka, linabwerera.
"Lisamalimbe mtima," anatero.
"Likakankhidwa, lizipatuka.
Koma mankhwala enieni ndi dzanja la munthu.
Muli naye wokupindirani?"

Ndinawerenga makwacha kawiri, ngakhale anali okwana.

Tsopano ndikafika pothina ndimaima.
Ndimakoka buleki yamanja, ndimatsika,
ndimazungulira kutsogolo kwa nyumba yanga,
mapazi khumi ndi limodzi, bondo likudandaula,
kukachita zomwe mkono umodzi unkachita osaleka nkhani.
Kumbuyo mahutala amandinena ndi mtundu wanga wonse.
Mayi wogulitsa nthochi pa loboti wandizolowera,
amayamba kuseka ndisanatsike.
Dzulo anandiponyera imodzi yaulere.

Ndikadutsa ndimaimanso,
mapazi khumi ndi limodzi ena.
Ndimalitambasula, ndimalipukuta ndi chipewa.
Muli nkhalamba ya ndevu zosameta bwino,
ilibe duku loti ikonze.
Kumbuyo kwake, Lusaka yense wathunthu, wopanda mng'alu,
akubwera mothamanga, sakuona munthu.
Ndimalipendeketsa pang'ono, mmene ankalisiyira iye,
n'kubwerera ku mpando wanga.