Mitunda Yosawerengedwa

Ndayala nyuzi yakale pansi pa mbawa,
kuseri kwa msika wa Kasungu
kumene a Chikakuda amawotcherera zitseko.
Njinga yamoto ya malemu bambo yakhala pa chitsa,
gudumu lakutsogolo lili m'malere
ngati mbuzi yokana kuwoloka mtsinje.

Singano ya liwiro inagona kalekale.
Manambala anaima pa 41,207
ine ndikanali kukwawa.

Sipanala ndi yobwereka.
Nati yakana, ndaithira oyilo wakuda, ndadikira;
wogulitsa chinangwa wadutsa kawiri.
Kenaka yalira, yamasuka,
ekiselo yasololoka mwaulesi
ndipo gudumu landigwera pa maondo.

M'kati mwa habu girisi wauma ngati phula,
wadya fumbi lofiira la ku Chamama,
la ku Santhe, la misewu ya m'maesiteti
yomwe lero inamera udzu.
Ndaviika mswachi wakutha mu palafini,
ndatsuka, ndapukuta ndi malaya ong'ambika,
mpaka kagiya katulukira,
kachinthu kosadzaza ndi chikhatho chomwe.

Ndimayembekeza kupeza mano oguluka.
Ndawerenga ndi chikhadabo: onse alipo.
Dzimbiri palibe, mng'alu palibe.
Koma timakutu tiwiri toluma habu
tapindidwira kumbuyo, bwinobwino, mofanana,
ndipo tili ndi zipsera za pulayala.

A Chikakuda akweza magalasi akuda pachipumi,
akatembenuza kagiyako padzuwa.
"Iyi si ngozi, mwanawe.
Apa panadutsa dzanja la munthu.
Wina sankafuna kuti njinga iziulula komwe yagona."

Ndaimbira mayi ndi manja amafuta.
Chete kaye. Kenaka kuseka,
kuseka kofika pokhosomola.

"Njingayo inali ya ntchito," akutero.
"Lolemba lililonse kalaliki ankasuzumira manambala
n'kulemba m'buku lake.
Nanga mlangizi wa fodya akanati akukatani ku Nkhamenya
kumene kunalibe munda wake ngakhale umodzi?
Kunali ine.
Lachisanu madzulo ankapinda,
Lamulungu usiku n'kuwongola ndi nyali pambali.
Tsiku lomwe anaigula ku ofesi, iwe uli kumsana,
anapinda komaliza, nati:
kuyambira lero palibe wondiwerengera."

Foni yatha mayunitsi.
Ndakhala pa chitini, kagiya m'manja.
Ndiye kuti maulendo omwe anandibala ine
sali pa manambala awa.
Apa pali mbewu za eni, misonkho, misonkhano.
Zinazo anasunga m'mafupa.

Ndagwira pulayala.
Chitsulo chopindidwa kambirimbiri sichifuna ukali,
ukachikakamiza chimakusiyira theka m'manja.
Khutu loyamba ladzuka.
Lachiwiri lanyinyirika, ndasiya kupuma,
ladzuka nalonso.

Girisi watsopano ndapaka ndi chala chamkombaphala.
Ndakalowetsa, kakana.
Ndazunguza pang'ono, kakananso.
"Usamenye," akutero a Chikakuda osacheuka,
"kapeza kokha pakhomo pake."
Ndabweza m'mbuyo utali wa njere ya mapira,
timakutu tagwera m'mipata yake, kwatsa!

Washala, ekiselo, nati.
Nsonga ya kebulo, yamakona anayi,
ndaisakira dzenje lake ngati ulusi pa singano.

Ndakankha gudumu ndi dzanja.
Masipoko asanduka nkhungu.
Pagalasi lachikasu singano yanjenjemera,
yadzuka ngati munthu woitanidwa dzina
lomwe anasiya kulimva.

Madzulo ano ndalunjika kumpoto,
phiri la Kasungu likuchepa pa kalilole.
Ndisanafike pa mlatho wa Dwangwa
seveni uja anali atagudubuka kale,
zaka makumi atatu ataima pamzere.

Ndikufuna kudziwa kuti ku Nkhamenya n'kutali bwanji.
Ndikafika ndikawauza mayi nambala yake,
iwo akachulukitse okha ndi Malachisanu awo.

Koma pulayala ija sindinabweze.
Ili m'thumba la jekete,
ikundigogoda m'nthiti pa bampu iliyonse.