Funso la Khumi ndi Chinayi

Ana apita. Timipando tawo tagona chagada pa matebulo,
miyendo m'mwamba ngati nkhosa pa tsiku lometa.
Ine ndatsala ndi fomu ya boma,
masamba makumi awiri ndi atatu,
mawondo akugunda tebulo
lomwe anapalira munthu wa zaka zitatu.

Masana ndimayeza tirigu ku nkhokwe za panjanji.
Usungichuma uno anangondiveka pamsonkhano
nditakweza mkono kuingitsa ntchentche.

Funso la khumi ndi chinayi likuti:
Fotokozani phindu la ntchito yanu
m'mawu osapitirira zana.

Phindu?
Pachikwangwani chathu tinalemba kuti sitipanga phindu.
Chaka chatha tinatsala ndi madola makumi anayi,
tinagulira mchenga woseweretsa.

Ndilembe za Tamsin kodi,
amene amafika mbandakucha ali m'zovala zogonera,
tsitsi lili nyankhalala, buledi kumanja,
poti mayi ake ndiye namwino yekhayo
m'chigwa chonse chino cha Mallee?
Tikatseka ife Lolemba,
chipatala chitseka Lachiwiri lake.
Zimenezi zikwana m'kabokosi aka?

Kapena za Duc,
mwana wa bambo uja wa kophera nkhosa,
anatha miyezi isanu ali duu, osatulutsa liwu,
mpaka tsiku lina pampanda
analoza kangaru wotsimphina pansi pa bulugamu
nati, "Wabweranso."
Mayi Drewitt analowa m'chipinda cha matewera kukalira,
anatulukamo atanyamula mopu
ngati palibe chachitika.

Mayi Drewitt amenewo
apukuta mamina a theka la tauni ino,
anga omwe.
Malipiro awo amapitiridwa ndi a mnyamata
wosanja zitini m'sitolo ya ku Swan Hill.
Aphunzitsi awiri atithawa chaka chino.
Sindiwada. Lendi sadya kumwetulira kwa ana.

Kampani yaikulu inabwerapo, anthu a masuti,
inawerenga ana athu ngati ziweto pamsika,
makumi awiri ndi awiri,
inati masamu sakutheka,
galimoto n'kutembenuka, fumbi lili koboo.
Ife tinatsala, poti kwathu n'konkuno.

Taotcha masoseji pakhomo pa golosale Loweruka lililonse
mpaka malaya onse kununkha anyezi.
Denga likudonthabe pakona ya mabuku.
Mvula kuno ndi mlendo wa kamodzikamodzi,
koma ikafika siiwala pomwe pali bowo.

Thandizo la ku Canberra nalo limagwa chomwecho:
zaka ziwiri, kenako pemphaninso,
lembaninso, dikiraninso.
Chikhala mwana amaima kukula
kudikira kuti nduna iwerenge bajeti!
Nsapato za Rafferty zathina kawiri
chitumizireni kalata yathu yomaliza.

Sindikupempha chifundo ayi.
Msonkho wa mayi ake a Tamsin
umakwera msewu womwewu kupita kulikulu mwezi ndi mwezi.
Tikungoti uzikumbukako njira yobwerera.

Nthawi yathamanga. Pakati pa usiku kompyuta itseka khomo,
ilibe zoti pepani.
Pansi pa tebulo phazi langa lapeza kasokosi kamodzi,
kofiira, konyowa kunsonga,
mwini wake ali m'tulo kwinakwake
ndipo sakudziwa kuti ali pa tsamba lachisanu ndi chiwiri,
pamzere wa zowonongedwa.

Ndalemba kuti:
Mawa m'mawa chitseko chidzatseguka.
Mawu anayi.
Ndawonjeza maina makumi awiri ndi awiri,
malo atsalabe.
Ndatsegula kabuku kobiriwira ka odikira malo,
ndakopera onse khumi ndi asanu ndi anayi,
mpaka wotsiriza, amene alibe dzina,
amene mayi ake anabwera kudzamulembetsa dzana
atagwira msana,
nati, "Ndi wa mu Ogasiti. Mudzakhala mulipo?"

Ndadina potumizira.
Ndayanika kasokosi pa chogwirira chitseko,
ndazimitsa magetsi.