Mgolo wa Phula pa Kudya

Mwana wanga Ndaziona amaphunzira za miyala ku Poly.
Ine ndimaphika phula.
Zaka khumi ndi zinayi ndikutseka maenje
a msewu wa ku Zingwangwa,
omwewo omwewo, chaka ndi chaka, ngati ngongole ya katapila.

Lachiwiri lija anatsika minibasi pa Kudya
kudzatenga ya fotokope.
Anandipeza ndikusonkhezera pansi pa mgolo.
Za ndalama sanayambe nazo.
Anaima, chikwama pachifuwa, maso ali mumgolo,
nati: Ababa, taonani apo.

Phula linali litatupa pamalo amodzi,
chotupa chakuda, chonyezimira ngati diso la ng'ombe,
chikukwera mwaulesi,
chikukana kuphulika.
Ndachiona kambirimbiri chimenecho. Sindinachifunsepo kanthu.

Pansi pa nthaka, iye anatero,
kutali kumene mjigo sungafike,
mwala umasungunuka n'kukhala chiphalaphala,
ndipo m'kati mwake mumabisala madzi,
osaoneka, monga mpweya mu Fanta wosatsegula.
Chowagwira ndi kulemera kwa dziko lonseli.
Tsono chiphalaphala chikayamba kukwera
katundu uja amapepuka,
madzi n'kukumbukira kuti angathe kukhala nthunzi.
Amangofuna poyambira, kanjere ka mwala kokha,
basi pabadwa kathovu
kochepa kuposa utitiri.

Kamadya za pafupi.
Kamayamwa madzi a m'mbali mwake,
m'mbalimo mukauma mumalimba,
kathovu n'kudzimangira kokha ndende.

Lole ya mchenga inadutsa, tonse tinatseka maso.

Chiphalaphala chikakhala chamadzimadzi, anapitiriza,
thovu limapeza njira, limatuluka,
phiri limangogeya.
Koma chikakhala chonanda ngati phula lanuli
kulibe kolowera.
Limakulira pomwepo, kukankhana ndi linzake,
makoma apakati n'kupyapyala, n'kupyapyala
ngati khungu la anyezi,
mpaka mwala wonse usanduka thovu,
ndipo thovu likang'ambika
phiri limalavula phulusa mpaka kumitambo.

Mumgolo munati phu!
Dontho linandigwera padzanja.
Sindinakuwe. Ife sitikuwa.

Uko pansi pa mjakaranda
anzanga asanu anali atatsamira mafosholo.
Mwezi wachitatu uno malipiro sanaoneke.
A Likoswe, akapitawo, amati cheke chasainidwa,
changotsala chidindo,
ndipo Mandevu, amene kale sankatseka pakamwa,
masiku ano amangoti: Chabwino, bwana.
Amanena mofatsa kwambiri.
Ndinamuyang'ana khosi mmene mtsempha unkagundira.

Nanga awa? ndinafunsa,
kuloza Soche ndi chibwano, kenako cha ku Ndirande.
Adzatiphulikira tsiku lina?

Anaseka kuseka kwa amake.
Ayi, ababa. Awo anazizirira pansi, sanafike kunja.
Anauma ndi zonse anali nazo m'mimba.
Mvula ndiyo yakhala ikuwavula dothi
mpaka lero tikuwaona.

Ndinakhala chete.
Sindikudziwa chimene chinandiopsa koposa,
phiri lolavula moto
kapena ili loti linameza mawu ake
n'kuima zaka zosawerengeka pamwamba pa tauni,
anthu akumanga nyumba m'nthiti mwake,
akulembapo mavesi ndi penti yoyera.

Ndinapisa m'sokosi.
Inatuluka thuu sauzande ya chipisi chamasana,
yonyowa ndi thukuta.
Anailandira ndi manja awiri, anaona dzanja langa,
nati muthirepo madzi ozizira.
Kondakitala anali atayamba kale kumenya chitseko:
Tauni! Tauni! Mmodzi yekha!

Atapita ndinatenga mtengo wovundulira,
ndinaumiza mpaka pansi pa mgolo,
n'kutakasa pang'onopang'ono
kuti mpweya upeze potulukira.
Zimenezi palibe anandiphunzitsa.

Chipsera chilipo mpaka lero, chozungulira, chaching'ono.
Mandevu sanabwere Lachitatu.
Fosholo yake ikadali yotsamira mjakaranda,
ndipo palibe amene waikhudza.