Buku la Mayina

Amati ndine wapampando,
koma mpandowo ndi kreti ya zakumwa yovundikira
m'galaja ya Bambo Chikuse kuno ku Mabvuku,
momwe fumbi la simenti limatera pa mapepala athu
ngati nalonso likufuna kulembetsa.

Tilipo khumi ndi atatu. Palibe amalandira kanthu.
Rumbidzai amasunga ndalama, ndiye anapita patali ndi sukulu.
Che Mwamadi amabwera ndi wilibala yawo yolira.
Anyamata awiri amatsata tiyi,
ndikudziwa, koma matumba amanyamula.

Lachiwiri timalawirira ku Mbare kukagula nyemba
kombi zisanakweze mtengo.
Lachinayi amayi amaphunzira kusoka.
Makina ndi atatu, amodzi amalumpha ulusi.
Loweruka ndi tsiku la buku.

Bukuli lili ndi mizere makumi atatu pa tsamba,
koma umphawi sudziwa kuwerenga mizere.
Mawu akuti "mubwerenso mwezi wa mawa"
ndimawanena m'Chishona cha kuno
ndi m'Chichewa chomwe bambo anabwera nacho kuchokera ku Dedza.
Konsekonse amawawa chimodzimodzi.

Ndiye pali Ndaziona.
Zaka zinayi, sanajombepo.
Amafika woyamba, fumbi lili m'miyendo,
n'kunena kuti kombi inamutsitsira kutali.
Ndi iye amadziwa mwana amene wasiya sukulu
aphunzitsi asanazindikire,
amadziwa khomo lomwe poto amawira madzi okha
kuti aneba aone utsi.

Ine sindinafunse kuti zimenezi amazidziwa bwanji.

Mwezi wa Juni atadwala, ndinapita ku Tafara kukamuona.
Chipinda chimodzi. Ana anayi pa bulangete limodzi.
Pa mbaula panali poto,
ndipo ndinachita chinthu chosayenera mlendo:
ndinavundukula.

Madzi.

Anandiyang'ana osaphethira.
"A Nasibeko, vundikirani, nthunzi ikuthawa."

Loweruka ndinatsegula buku, cholembera m'manja.
Anandigwira dzanja pamaso pa onse,
mwaulemu, ngati wochotsa kachitsotso pa malaya.
Kunja, kuseri kwa thanki, anati:
"Mukandilemba, adzandiuzanso ndani zoona?
Panopa amanditsegulira monga mnzawo wodzacheza.
Ndikaima pa mzere, ndidzakhala wolimbirana nawo."

Ndinalibe yankho. Ndinaphunzira kulemba malipoti
oti azungu ndi mabwana a m'tauni atipatse thandizo,
ndimadziwa kuika njala m'mabokosi a manambala,
koma ichi chinalibe bokosi lake.

Tinakambirana osalemba maminitsi.
Makina olumpha ulusi aja
Che Mwamadi anawakonza usiku ndi tochi ya foni,
magetsi atazima monga mwa masiku onse,
n'kuwakweza pa wilibala mpaka ku Tafara.
Tinati galaja ikudontha, atisungireko.
Kunali chilimwe. Iye sanatitsutse.

Tsopano amasoka mayunifomu.
Dzulo anabweretsa madola asanu,
akuti ndi lendi ya makina athu.
Rumbidzai anandiyang'ana: tilembe pati?

Sindikudziwa ngati uku ndiko kutsogolera.
Pa mzere lero panali mabanja makumi anayi ndi awiri,
nyemba zinathera pa banja la makumi atatu ndi chimodzi.
Ndaziona anaperekeza otsalawo mpaka pa msewu,
ndinamva akuseka naye, sindikudziwa chomwe anawauza.

Ine ndinatsala ndi buku,
kupukuta fumbi pa tsamba la mawa.