Dzina la Kapitawo

Okutobala wa ku Bangula
choko chimanyowa m'manja usanamalize kulemba tsiku.
Malata akuthetheka, ana a Fomu 3 akudzikupiza ndi makope.
Ndalemba pa bolodi: THANGATA.
Buku lalipatsa liwuli theka la tsamba,
m'munsi mwake chithunzi cha mzungu wa chipewa
ndi anthu asanu ndi awiri opanda mayina.

Ndinati, Lolemba aliyense abwere ndi kanthu ka kwawo,
kanthu kamene kanatuluka thukuta m'munda wa wina.

Zuze anabwera ndi chikwanje cha bambo ake,
chakuda ndi mwaye wa nzimbe za ku Nchalo,
chodyeka pakati ngati mwezi wongooneka kumene.
Anati kontilakiti imatha mvula ikayamba,
akatero bambo amagona ndi foni kumutu mpaka Epulo.
Anafunsa osakweza mkono:
Sala, pa mayeso tidzalembe kuti zinatha chaka chanji?

Luwiza anabwera ndi kansungwi kotseka ndi phula,
m'kati mwake chiphaso cha msonkho
chofewa ngati tsamba la fodya.
Mwini wake anathawa chibalo kutsidya,
anaoloka Shire usiku, ng'ona zikumuleka,
m'mawa n'kupeza msonkho ukumudikira padoko.

Jofesi analibe kanthu m'manja.
Anaimirira n'kutisonyeza ndi mikono
mmene amayi a kwawo anakanira mitumbira,
kuunjika makasu pakhomo pa mlangizi ngati nkhuni za pamaliro.
Kalasi inaomba m'manja, ena mpaka likhweru.

Kenaka Marita, uja amakhala kukhoma osayankhula,
anatula patebulo langa chitsulo cha sikelo ya thonje.
Anati, ambuye anga ankasenza thonje mpaka ku Chiromo.
Tsiku lina ananena kuti sikelo ikunama.
Kapitawo anawagoneka pamchenga wa masana,
zikoti zisanu ndi chimodzi.
Mpaka imfa ankagona chafufumimba.
Dzina la kapitawoyo sanalitaye,
anawasiyira amayi ngati munda wa kudimba.
Alufandika.

Ana makumi asanu ndi atatu anayang'ana pansi.
Dzinalo lili pachikuto cha rejisitala,
amalitchula m'mawa uliwonse akaimirira kundilonjera.

Ine agogo ndimawakumbukira ndi njinga yakuda,
jekete la khaki lonunkha sopo,
masawu odzaza m'matumba a adzukulu.
Nyumba yawo inali yoyamba ya malata m'mudzi monse.
Sindinafunsepo kuti malatawo anagulidwa ndi msana wa yani,
kapena fizi ya bambo anga,
imene inabala fizi yanga,
imene inabala choko ichi.

Ndinafuna kunena kuti a Alufandika ndi ambiri m'chigwa muno,
kuyambira ku Marka mpaka ku Thabwa.
Lilime linakana.
Panja mbuzi inali kutafuna katoni.

Ndinatembenuka n'kulemba dzina langa pansi pa THANGATA.
Choko chinathyoka, ndinatola chidutswa.
Ndinati, Marita, ambuye ako anali ndani?
Anati, Fulansishko Nyakuwa.
Ndinalemba pamwamba pa langa ndi zilembo zazikulu.
Iye anadzuka, anayenda kalasi yonse,
analanda choko m'manja mwanga:
Sala, mwasiya H. Ndi Nyakhuwa.
Anafufuta ndi chikhatho n'kulemba yekha,
fumbi loyera n'kulipukutira pasiketi.

Mlonda anamenya chitsulo cha nkhomaliro.
Palibe anathamanga.
Luwiza anabwezera chiphaso m'kansungwi pang'onopang'ono,
Zuze anakulunga chikwanje m'thumba la feteleza,
chitsulo cha sikelo Marita anachinyamula yekha,
sanandipatse kuti ndichisunge m'kabati ya sukulu
ndipo ine sindinapemphe.

Bolodi sindinafufute.
Wa masamu wa madzulo analemba mozungulira mayinawo.
Lachisanu aphunzitsi tikumana pansi pa mtondo
kukamba za ndalama zathu zochedwa miyezi inayi,
ndipo andipempha kuti ndikalembe maminitsi.

Chaka chija anafunsa Zuze
sindinamupatsebe.